Ibn al-Haytham: katswiri wa ku Cairo amene adamasula chinsinsi cha kalilole wokhota

Usiku wina m'mwezi wa February chaka cha 1021, mfumu ya dziko la Egypt, al-Hakim, idakwera bulu wake n'kulowera ku mapiri a Muqattam, kum'mawa kwa mzinda wa Cairo. Siidabwerenso. Amene adapita kukaifunafuna adangopeza bulu uja ndi zovala zamagazi.

Ambiri mwa amene ankatumikira kunyumba yachifumu mitima idakhala pansi, pakuti al-Hakim adali wolamula wosadziwika mtima. Nduna imene waikweza lero, mawa ankatha kuidula mutu. Koma padali munthu mmodzi amene kusowa kwa mfumuyo kudamutsegulira chitseko chenicheni. Malinga ndi olemba mbiri akale, munthuyo adakhala zaka zambiri atatsekeredwa m'nyumba, katundu wake atalandidwa, anthu akumuyesa wamisala. Mfumu itangosowa, misala ija idathera pomwepo.

Dzina lake lidali al-Hasan ibn al-Haytham, amene anthu a ku Ulaya adadzamutcha Alhazen. Lero mwana wa kusekondale akamajambula mizere ya kuwala ikugunda kalilole wokhota n'kubwerera, amakhala akuyenda m'njira imene mkuluyu adalambula zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Akale adati wamisala adaona nkhondo. Uyu, amene misala yake idali yonamizira, adaona zimene zidazunguza mitu ya akatswiri kwa mibadwo yambiri: mmene kuwala kumayendera, mmene kumabwerera kukagunda kalilole, ndi mmene diso limaonera.

Mwana wa ku Basra

Ibn al-Haytham adabadwa cha m'ma 965 mumzinda wa Basra, kumwera kwa dziko limene lero ndi Iraq. Basra udali mzinda wa malonda, wa zombo ndi wa maphunziro. Panthawiyo mabuku ambiri a Agiriki akale adali atamasuliridwa kale m'Chiarabu, makamaka ku Baghdad, moti mnyamata wokonda masamu ankatha kuwerenga Euclid, Archimedes, Apollonius, Ptolemy ndi sing'anga Galen m'chinenero chake.

Nkhani ya kuwala siidali yachilendo kumeneko. Katswiri wina, al-Kindi, adali atalembapo kale za kaonedwe ka diso ndi za akalilole oyatsa moto. Cha m'ma 984, Ibn al-Haytham ali mnyamata, katswiri wa ku Baghdad, Ibn Sahl, adalemba buku lonena za akalilole ndi magalasi osonkhanitsa kuwala kwa dzuwa. Choncho mwana wa ku Basra adapeza munda wolimidwa kale, ngakhale udali wodzaza ndi mikangano. Adaphunzira mwakhama mpaka mbiri yake pa masamu idawanda, n'kukamveka ku maiko akutali.

Lonjezo la mtsinje wa Nile

Nkhani ya mmene adafikira ku Egypt timaimva kwa Ibn al-Qifti, wolemba mbiri amene adamwalira mu 1248.

Moyo wonse wa Egypt udali pa mtsinje wa Nile. Chaka ndi chaka, mvula ikagwa ku mapiri a Ethiopia, mtsinjewu unkasefukira n'kusiya nthaka yachonde m'minda. Madzi akachepa kunkagwa njala; akachulukitsa ankagumula midzi. Pachilumba cha Roda ku Cairo padali chitsime choyezera madzi a mtsinjewu, chomangidwa mu 861, ndipo dziko lonse linkatchera khutu kuti limve pamene madzi afika.

Ibn al-Haytham, adakali kwawo, adanena kuti atakhala ku Egypt akhoza kumanga chinthu chowongolera madzi a Nile kuti azipindulitsa anthu m'zaka zonse, za madzi ambiri ndi za madzi ochepa zomwe. Mawuwo adafika m'makutu a al-Hakim.

Mfumuyi idalowa ufumu mu 996 ili ndi zaka 11 zokha. Inkakonda maphunziro, ndipo mu 1005 idakhazikitsa nyumba ya mabuku ndi maphunziro yotchedwa Dar al-Ilm. Koma idalinso ndi malamulo odabwitsa ndi nkhanza zoopsa. Idaletsa anthu kudya ndiwo yotchuka ya mulukhiya, imene kuno timaidziwa ngati therere la denje. Idalamula kuti agalu a mumzinda aphedwe. Mu 1009 idalamula kuti tchalitchi cha pa manda a Yesu ku Jerusalem chigwetsedwe. Imeneyi ndiyo mfumu imene idatumiza ndalama kwa katswiri wa ku Basra kuti abwere adzakwaniritse zimene adanena, ndipo atafika idatuluka yokha mumzinda kukamuchingamira.

Ibn al-Haytham adanyamuka ndi gulu la amisiri kulowera kumwera, motsata mtsinje, ulendo wa makilomita oposa 800. M'njira adaona nyumba zikuluzikulu zamiyala zimene Aigupto akale adamanga, ndipo mtima udayamba kumugunda. Ngati anthu aluso lotere sadatseke Nile, kodi n'chifukwa choti sadaganizepo, kapena n'chifukwa choti n'zosatheka? Atafika pa mathithi a kumwera kwa Aswan n'kuona kukula kwa mtsinje ndi maso ake, adapeza yankho. Zimene adawerengera ali kutali sizidagwirizane ndi zimene zidali patsogolo pake.

Akadatha kuyamba ntchitoyo, kudya ndalama za mfumu kwa zaka zingapo, n'kumapereka zifukwa. Iye adabwerera ku Cairo kukauza al-Hakim kuti zimene adalonjeza sizingatheke. Mbiri idadzamuikira umboni: damu loyamba la ku Aswan lidamalizidwa mu 1902, ndipo damu lalikulu limene lidathetseratu kusefukira kwa Nile lidatha mu 1970, ndi makina amene m'masiku ake kudalibe.

Mfumu idamupatsa ntchito ina m'boma, koma iye adadziwa kuti moyo wake uli pa nsonga ya mpeni. Kuti apulumuke adayamba kuchita ngati wazungulira mutu. Adamutsekera m'nyumba mwake, namuikira omulonda, mpaka chaka chija cha 1021.

Kodi diso limaona bwanji?

Buku limene lidamutchukitsa ndi Kitab al-Manazir, kutanthauza buku la za kuona, ndipo lili ndi zigawo 7. Mbiri yofala imati adalilemba pakati pa 1011 ndi 1021 ali wotsekeredwa, pamene akatswiri ena amakono amati adalimaliza atamasulidwa kale. Chimene onse amagwirizana n'chakuti bukuli lidasintha maphunziro a kuwala.

Kwa zaka zoposa 1,000 padali magulu awiri. Otsatira Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa mizere yosaoneka imene imakakhudza chinthu, monga munthu amapapasira ndi ndodo mumdima. Otsatira Aristotle ankati pali china chimene chimachoka pa chinthucho kubwera m'diso, koma sankatha kufotokoza ndi masamu mmene chimayendera.

Ibn al-Haytham adayambira pa zinthu zimene aliyense amazidziwa. Munthu akayang'ana dzuwa, maso amapweteka. Akayang'anitsitsa chinthu chowala kwambiri kenaka n'kutembenukira pamdima, amaonabe chizimezime cha chinthu chija kwa kanthawi. Zimenezi zikusonyeza kuti kuwala kumalowa m'diso ndipo kumalichita kanthu. Kuchokera apo adafotokoza kuti kadontho kalikonse ka chinthu chimene chawalidwa kamamwaza kuwala mbali zonse, m'mizere yowongoka, ndipo timaona mizere ina ikalowa m'diso.

Sadafune kuti owerenga angomukhulupirira. Adalemba kuti munthu ayatse makandulo angapo kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi. Pakhoma loyang'anana ndi kabowoko padzaoneka timadontho towala, tofanana chiwerengero ndi makandulo aja. Akaphimba kandulo imodzi, kadontho kamodzi kadzazima, kamene kali pa mzere wowongoka ndi kanduloyo kudzera pa kabowo. Akavundukula, kadzabwerera. Motero kuwala kwa makandulo onse kumadutsa pa kabowo kamodzi popanda kusakanikirana. Kamera iliyonse, ngakhale ya mufoni, imadalira mfundo imeneyi.

Akalilole 7, lamulo limodzi

Zigawo zitatu za bukuli, chachinayi mpaka chachisanu ndi chimodzi, zimanena za kalilole. Akatswiri akale ankadziwa kale lamulo la kubwerera kwa kuwala, ndipo Ptolemy adaliyesapo. Chimene Ibn al-Haytham adafuna n'kutsimikiza kuti lamulolo limagwira pa kalilole wa maonekedwe alionse.

Lamulolo n'losavuta kulimva. Yerekezani kuti pamalo pamene kuwala kwagunda kalilole mwaimikapo kamtengo chilili. Mzere wa kuwala kobwera umapendekeka kuchoka pa kamtengoko ndi mlingo winawake. Mzere wa kuwala kobwerera umapendekeka ndi mlingo womwewo, koma mbali inayo. Ndipo zitatuzi, mzere wobwera, kamtengo ndi mzere wobwerera, zimakhala ngati zajambulidwa pa pepala limodzi losapindika. Iye mwini adafanizira zimenezi ndi kampira kachitsulo koponyedwa pa chinthu cholimba: mukakaponya molunjika kamabwerera kwa inu, mukakaponya chammbali kamanjanjira mbali inayo.

Kuti ayese lamuloli adakonza chipangizo chozungulira cha mkuwa ndi thabwa, chokhala ndi zizindikiro zoyezera ndi timabowo tolowetsa kamzere kakang'ono ka kuwala. Pakati pake ankaikapo akalilole achitsulo chopukutidwa, mmodzimmodzi, onse 7. Woyamba adali wathyathyathya. Awiri adali obulungira ngati chibenthu cha mpira, wina wowala kunja, wina wowala m'kati. Awiri adali ngati chibenthu cha paipi, ndipo awiri otsiriza adali osongoka ngati denga la nkhokwe, nawonso wina wowala kunja, wina m'kati. M'bukumo adalemba miyeso ya chipangizocho ndi kapangidwe kake mwatsatanetsatane, kuti aliyense wokayika akonze chake ayese yekha. Pa akalilole onsewo lamulo lidapezeka limodzi.

Tsono ngati lamulo ndi limodzi, n'chifukwa chiyani kalilole wokhota amasintha nkhope ya munthu? Yankho lagona pa timitengo tija. Kachigawo kakang'ono kalikonse ka kalilole wokhota kamachita ngati kalilole wathyathyathya, koma kalikonse kamayang'ana kwakekwake. Pa kalilole wathyathyathya timitengo tonse timaima mofanana ngati mapolo a mpanda. Pa kalilole wotumphukira kunja timatangadza ngati minga ya nungu. Pa kalilole wolowa m'kati ngati mbale tonse timaloza pakati, ngati masipoko a njinga.

N'chifukwa chake kalilole wotumphukira kunja amamwaza kuwala. Amaonetsa zinthu zazing'ono, zoimirira bwino, koma amasonkhanitsa malo aakulu m'kagalasi kochepa. Galasi la pambali pa galimoto ndi magalasi aja amakolekedwa m'makona a masitolo akuluakulu ndi a mtundu umenewu. Phindu lake n'lakuti dalaivala amaona msewu waukulu kumbuyo kwake. Kuopsa kwake n'kwakuti galimoto yakumbuyo imaoneka ngati ili kutali pamene ili pafupi.

Kalilole wolowa m'kati amachita zosiyana. Amakokera mizere ya kuwala pamodzi mpaka ikumane n'kupingasana. Ikapingasana, mzere umene udali pamwamba umapita pansi, wapansi umapita pamwamba. Ndiye chifukwa chake munthu akadziyang'ana m'kati mwa supuni yowala amadziona chozondoka, pamene kumsana kwa supuni yomweyo amadziona woimirira bwino koma wamng'ono. Chinthu chikayandikira kwambiri kalilole wotere, mizere isanapeze mpata wopingasana, chimaoneka choimirira ndiponso chachikulu. Galasi lokulitsa nkhope pometa ndevu kapena podzola limagwira ntchito motero.

Ibn al-Haytham adapatula chigawo chathunthu kufotokoza zolakwika zimene munthu amaona m'kalilole: kukula, kuchepa, kupindika, kuzondoka ndi kuchuluka kwa zithunzi. Mfundo yake idali yakuti kalilole amangotsata lamulo lake. Amene amasokonezeka ndi woyang'anayo, chifukwa maganizo a munthu adazolowera kuti kuwala kumabwera mowongoka kuchokera pamene pali chinthu.

Moto wochokera ku dzuwa

Kuwonjezera pa buku lalikulu lija, adalembanso timabuku tiwiri ta akalilole oyatsa moto. Nkhaniyi idali yotchuka kuyambira kale chifukwa cha nthano yakuti Archimedes adatentha zombo za Aroma ndi akalilole pamene ankazinga mzinda wa Syracuse, umene udagwa m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe. Olemba mbiri oyambirira a nkhondoyo, Polybius ndi Livy, satchulapo za akalilole, koma nthanoyo idachititsa akatswiri ambiri kufunsa kuti kalilole woyatsa moto bwino koposa ayenera kukhota motani.

M'kabuku koyamba, Ibn al-Haytham adasanthula kalilole wobulungira ngati chibenthu cha mpira. Adaonetsa kuti kalilole wotere sasonkhanitsa kuwala konse pamalo amodzi. Kuwala kogunda pafupi ndi pakati kumakumana cha pa theka la mtunda wochokera pa kalilole kukafika pakatikati pa mpirawo, pamene kogunda cha m'mphepete kumakumana kufupi ndi kalilole. Mphamvu ya dzuwa imamwazikana, ndipo chithunzi chimachita chimbuuzi.

M'kabuku kachiwiri adafotokoza za kalilole wokhota mwa mtundu wina, umene akatswiri a masamu amautcha parabola. Ndi kukhota kofanana ndi njira imene mwala umadutsa ukaponyedwa m'mwamba chapatali, kapena madzi akamatuluka mu paipi yothirira maluwa. Mgiriki wina, Diocles, adali atalembapo kale za kalilole wotere, ndipo Ibn Sahl adawonjezerapo. Ibn al-Haytham adapereka umboni wake wa masamu wakuti kuwala konse kwa dzuwa kogunda kalilole wotere, ataloza dzuwalo, kumakumana pa kadontho kamodzi, ndipo adafotokozanso mmene mmisiri angamusulire.

Maonekedwe amenewa lero ali paliponse. Dishi ya kanema imene ili pa madenga ambiri m'mizinda yathu ndi chibenthu cha parabola. Imasonkhanitsa mafunde ochokera ku setilaiti n'kuwaponya pa kachipangizo kamene kamakhala patsogolo pake. Tochi ndi nyali za galimoto zimatembenuza mfundo yomweyo: babu amaikidwa pamalo okumanira paja, ndipo kalilole amaponya kuwala kutsogolo ngati mtolo umodzi. Moto wa masewero a Olympics amauyatsa ku Olympia, m'dziko la Greece, ndi kalilole wa mtundu womwewu.

Vuto la kuwala kosakumana pamodzi lidavutitsapo ngakhale akatswiri a masiku ano. Mu 1990 bungwe la NASA lidatumiza mumlengalenga makina oonera nyenyezi a Hubble, okhala ndi kalilole wotambalala mamita 2.4. Zithunzi zoyamba zidabwera zachimbuuzi. Kudapezeka kuti m'mphepete mwa kaliloleyo mudapalidwa mopitirira pang'ono, ndi mlingo wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu maulendo pafupifupi 50, moti kuwala kwa m'mphepete ndi kwa pakati kunkakumana malo osiyana. Padatenga ulendo wa akatswiri opita mumlengalenga mu December 1993 kuti vutolo likonzedwe.

Funso limene lidatenga dzina lake

M'chigawo chachisanu cha Kitab al-Manazir muli funso limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake lachizungu, funso la Alhazen. Likuti: pali nyali apa, diso apo, ndi kalilole wobulungira. Kodi kuwala kwa nyaliyo kugunde pati pa kalilole kuti kubwerere m'diso?

Okonda masewero a pool angalimve chonchi. Tebulo likhale lozungulira, ndipo pakhale mipira iwiri. Kodi mpira woyamba uumenyetse pati m'mphepete mwa tebulo kuti ukanjanja ukagunde wachiwiri? Pa tebulo la mbali zowongoka mwana wa sukulu akhoza kupeza yankho ndi rula. Pa tebulo lozungulira zinthu zimavuta, chifukwa mukasuntha pang'ono malo ogundapo, mbali imene khoma layang'ana imasinthanso.

Ibn al-Haytham adapeza yankho pogwiritsa ntchito mizere yokhota imene Apollonius adaifotokoza, ndipo adaonetsa kuti pa kalilole wolowa m'kati malo otere akhoza kufika anayi. Ndiye kuti munthu mmodzi akhoza kuona zithunzi zinayi za nyali imodzi. Umboni wake ndi wautali ndi wovuta, moti patapita zaka zoposa 600 akatswiri a ku Ulaya monga Christiaan Huygens adali akufunafunabe njira yachidule. Mu 1997 Peter Neumann wa ku Oxford adatsimikiza kuti funsoli silingayankhidwe ndi rula ndi kampasi zokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkulu wa ku Basra adali nako kudekhako.

Zaka zake zomaliza

Atamasulidwa adabwezeredwa katundu wake, koma sadabwererenso ku ntchito za boma. Adakakhala pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar ku Cairo, moyo wosalira zambiri. Popeza makina osindikizira kudalibe, ankapeza chakudya pokopera mabuku pamanja. Olemba mbiri amati chaka chilichonse ankakopera buku la masamu la Euclid, buku la zakuthambo la Ptolemy lotchedwa Almagest ndi timabuku tina ta pakati pa awiriwa, n'kugulitsa pa mtengo wa madinari 150, ndalama zimene zinkamukwanira chaka chonse. Nthawi yotsala ankalemba ndi kuphunzitsa. Mmodzi mwa ophunzira ake adali al-Mubashshir ibn Fatik, amene adadzakhala mlembi wodziwika ku Egypt.

Adalemba mabuku ndi timabuku toposa 90, ndipo toposa 50 tidakalipo. M'kabuku kena adafufuza kuwala kwa mwezi, n'kuonetsa kuti ngakhale mwezi umalandira kuwala kuchokera ku dzuwa, subweza kuwalako monga amachitira kalilole wopukutidwa. Kadontho kalikonse ka nkhope yake kamamwaza kuwala mbali zonse. M'buku lina adandandalika mfundo zimene ankazikayikira m'zolemba za Ptolemy, munthu amene mabuku ake ankawakopera chaka ndi chaka ndipo ankamulemekeza kwambiri. M'mawu oyamba a bukulo adalangiza kuti wofuna choonadi asagonjere dzina la wolemba, koma afufuze zolembedwazo mbali zonse, ndipo adzikayikirenso iye mwini kuti angakondere.

Naye adaphonya zina. Ankaganiza kuti mbali ya diso imene imamva kuwala ndi kagalasi ka kutsogolo kwa diso. Adadzakonza zimenezi ndi Johannes Kepler mu 1604, poonetsa kuti chithunzi chimagwera kumbuyo kwa diso, chili chozondoka. Koma Kepler adafika pamenepo poyenda m'njira imene Ibn al-Haytham adatsegula.

Adamwalira ku Cairo cha m'ma 1040, ali ndi zaka pafupifupi 75.

Ulendo wa buku

Cha m'ma 1200, Kitab al-Manazir lidamasuliridwa m'Chilatini, ndipo lidakhala gwero la maphunziro a kuwala ku Ulaya. Roger Bacon, John Pecham ndi Witelo adatungamo nzeru zambiri. Dzina lake lidadziwika mpaka kwa alakatuli: Geoffrey Chaucer wa ku England adamutchula m'nthano ina yonena za kalilole wodabwitsa. Mu 1572 Friedrich Risner adasindikiza bukuli mumzinda wa Basel. Kum'mawa nako, katswiri wa ku Persia, Kamal al-Din al-Farisi, adalemba ndemanga yaikulu pa bukuli cha m'ma 1300, ndipo potsata njira zake adafotokoza mmene utawaleza umapangikira m'madontho a mvula.

Mu 1668 Isaac Newton adapanga makina oonera zakuthambo ogwiritsa ntchito kalilole wolowa m'kati, ndipo makina akuluakulu a masiku ano amatsata njira imeneyo. Pa mwezi pali chigwa chotchedwa Alhazen. Dziko la Iraq lidaika chithunzi chomuyerekeza pa ndalama yake ya madinari 10,000 mu 2003. Bungwe la United Nations litasankha 2015 kukhala chaka cha kuwala, china mwa zimene dziko lapansi lidakumbukira chidali zaka 1,000 za buku lake.

Chimene aphunzitsi ndi makolo angatolepo

Ana ambiri amakumana ndi phunziro la akalilole okhota ngati zojambula za pabolodi ndi mawu achingerezi oti aloweze mayeso asanafike. Chifukwa chimene chimaperekedwa kawirikawiri n'chakuti sukulu ilibe zipangizo. Vutolo ndi lenileni, koma moyo wa Ibn al-Haytham ukuonetsa kuti phunziro ili ndi limodzi mwa amene safuna zambiri. Iye adalibe magetsi ngakhale magalasi a kufakitale. Adali ndi chipinda chamdima, kabowo, makandulo ndi chitsulo chopukuta.

Supuni yowala ili kale ndi akalilole awiri. Mwana adziyang'ane kumsana kwake, kenaka m'kati, ndipo ayandikize nsonga ya pensulo pang'onopang'ono m'kati mwa supuniyo mpaka aone pamene chithunzi chikutembenuka. Tochi yowalitsidwa kudzera m'mano a chipeso, m'chipinda chotseka makatani, imajambula mizere ya kuwala pa pepala loyera. Mukaimika kachidutswa ka chitini chowala patsogolo pa mizereyo n'kukapinda, ana adzaona ndi maso awo mizere ikukumana, ndipo mukakapindira kwina adzaiona ikumwazikana. Ngakhale kapu ya tiyi imaphunzitsa: kamzere kowala kokhota kamene kamaoneka pamwamba pa tiyi, dzuwa likawala chammbali, ndi umboni wa zija adalemba, zakuti khoma lozungulira silisonkhanitsa kuwala pa kadontho kamodzi. Chenjezo n'lakuti mwana asayang'ane dzuwa, kaya mwachindunji kaya kudzera m'kalilole, ndipo kalilole wolowa m'kati asalozetsedwe kumaso kwa munthu padzuwa, pakuti akhoza kuwononga diso.

Choposa zipangizo ndi dongosolo la kaphunzitsidwe. Mwana ayambe wanena chimene akuganiza kuti chichitika. Kenaka ayese. Zikasiyana ndi zimene amayembekezera, asakalipiridwe, koma afunsidwe chifukwa chake, ndipo lamulo la m'buku libwere pomaliza, ngati dzina la chinthu chimene wachiona kale. Umu ndi mmene Kitab al-Manazir lidalembedwera: konza chakuti, ika apa, yang'ana, phimba, yang'ananso. Mlembi wake adadziwa mtengo wa kulankhula usanaone, pakuti lonjezo limodzi la pa Nile lidamudyera zaka zambiri za ufulu wake. Mwana amene waphunzira kuyesa asanavomereze watola chinthu chimene chidzamuthandize ngakhale atadzaiwala mayina onse a mizere ya pabolodi.